Kusikelo akuti miyezi 6, kuntchito akuti masabata 8

Uthenga wa kusikelo ndi umodzimodzi m'dziko lonse lino, ndipo ndi woona. Mwana ayamwe bere lokha, osamupatsa madzi, dawale kapena kaphala, mpaka atakwanitsa miyezi 6. Anamwino amaunena m'mawa uliwonse asanayambe kukweza ana, alangizi a zaumoyo amaubwereza m'midzi, unalembedwa pa zipupa za zipatala. Koma boma lomwelo limene limalipira anamwino kuti azitiphunzitsa zimenezi lili ndi lamulo la ntchito la mu 2000, limene limati mayi wolembedwa ntchito akachira apume masabata 8 akulandira malipiro ake onse, ndipo tchuthi chimenechi achipeze kamodzi pa zaka 3. Ogwira ntchito m'boma amapatsidwako miyezi 3. Miyezi 6 ndi masabata 26. Mukachotsapo 8 patsala 18, ndipo masabata 18 amenewa palibe anawaganizira. Anangomusiyira mayi kuti aone chochita.

Ine ndikuti kusiyana kumeneku si vuto la m'nyumba mwa munthu ayi. Ndi ngongole ya dziko, ndipo amene akuibweza lero ndi anthu atatu: mayi, khanda lake, ndi mtsikana amene anakamutenga kumudzi kuti azilera.

Taonani kaye kuchepa kwa masabata 8 mukawaika pambali pa buku la sikelo. Katemera amayamba mwana akangobadwa, kenako pa masabata 6, pa 10 ndi pa 14. Ndiye kuti mayi amabwerera kuntchito mwana atangobayidwa ulendo woyamba mwa maulendo atatuwo. Tsiku la katemera wa masabata 10 limamupeza ali kale pa desiki, ndipo ayenera kukagogoda kwa abwana kupempha chilolezo pasanathe ndi mwezi womwe chibwerereni. Usiku wake mwana amatentha thupi, ntchafu yotupa, kulira mpaka mbandakucha. M'mawa mayi ali pa siteji. Ndiponso masabata 8 amenewa sikuti onse amakhala a pambuyo pochira. Ukayamba tchuthi msanga chifukwa miyendo yatupa, masiku ako ayamba kale kuwerengedwa. N'chifukwa chake timaona amayi otopa akudzikoka kukwera minibasi mpaka matenda kuwayambira kuntchito: akusunga masiku kuti akawathere ndi mwana. Wochira ndi opaleshoni amabwerera chilonda chikadanyerenyetsa, n'kumagwira pamimba kabaza akamadumpha mabampu.

Tsiku la mayi wotere ndikulidziwa, ndinadutsamo, ndipo anzanga ambiri ali momwemo lero. Tiyerekeze ndi wa ku Area 25 amene amagwira ntchito ku City Centre, ali ndi wa zaka 3 ndi wa miyezi 3. Amadzuka cha m'ma 4 koloko, poti nthawi imeneyo ndi imene mpopi umatulutsako madzi. Atunge, ayatse mbaula ngati magetsi kulibe, atereke madzi osamba, achape matewera a usiku, aphike phala la wamkuluyo, amulongedzere kachikwama. Khanda ladzuka, aliyamwitse. Likakhuta, akhale pansi ndi kapu yowiritsa, afinye bere linalo pang'onopang'ono, maso ali pa wotchi ya pafoni. Kapu ikafika theka amaivundikira, n'kuikhazika m'mbale ya madzi ozizira pakona, n'kubwerezanso malangizo a dzulo kwa mtsikana: umumwetse ndi kapu, usauwiritse, ungouika m'madzi ofunda. Wamkulu uja wagwira siketi, akulira kuti amama musapite. Amamumasula zala chimodzichimodzi n'kutuluka osacheuka, chifukwa akacheuka sapita.

Ikamakwana 11 koloko mabere adzaza, akuphwanya mpaka m'khwapa. Kansalu kamene anapinda mkati kanyowa, bulauzi yayamba kuonetsa. Ali pakati pa msonkhano, kapena pa kauntala pali mzere wa makasitomala, kapena waima kutsogolo kwa kalasi yodzaza ya Sitandade 2. Akapeza mpata amathamangira kuchimbudzi, ndipo kumeneko, choimirira, n'kumene amafinyira chakudya cha mwana wake. Ambiri amangofinyira mu sinki n'kutsegula madzi, poti alibe posunga. Amene anaonapo mkaka wake ukutsika mu sinki, akudziwa kuti kunyumba kapu ija inatha kalekale, sangaiwale. Thupi nalo limamva: bere likamakhala tsiku lonse losayamwidwa, mkaka umayamba kuchepa. Pakatha masabata angapo mayi amayamba kunena kuti mkaka wanga sukukwanira, n'kumadziimba mlandu yekha ngati kuti thupi lake ndi limene lalephera. Amafika kunyumba kutada, chikwama chisanatsike paphewa mwana ali kale pabere, ndipo usiku wonse khanda limabweza zimene linamanidwa masana.

Aphungu anayesako. Mu 2021 anasintha lamulo lija n'kuikamo kuti mayi woyamwitsa azipatsidwa theka la ola kawiri pa tsiku, kwa miyezi yosachepera 6 mwana chibadwire, ndiponso kuti bambo apume masabata 2 mkazi wake akachira. N'zabwino ndipo ndikuyamika. Koma theka la ola limathandiza amene mwana wake ali pafupi. Mphunzitsi wokhala m'nyumba ya pasukulu akhoza kuthamanga, kuyamwitsa, n'kubwerera. Wa ku Area 25, ku Bangwe kapena ku Machinjiri, theka la ola limamuthera minibasi isanadzaze n'komwe. Mabwana ena omvetsa amaphatikiza nthawiyi n'kumulola mayi kuweruka ola limodzi msanga. Zimapepuza madzulo, koma mwana wakhalabe kuyambira m'mamawa osaona bere. Ufulu umenewu ukanapindula pakanakhala kachipinda kaukhondo kofinyiramo ndi posungira mkaka pozizira, kapena malo olererapo ana pafupi ndi pantchito.

Kapu ija ikatha masana, chotsatira n'chiyani? Wopezako bwino amagula mkaka wa m'chitini. Mkaka umenewu umachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake unawathawa anthu ambiri. Chitini chimene chinayenera kutha masiku ochepa amachikoka kuti chikafike pa malipiro: masipuni ochepa, madzi ambiri. Mwana amakhuta madzi. Botolo nalo limafuna kuwiritsa nthawi iliyonse, madzi osungunulira akhale owiritsa, makala akhalepo. Ndipo tonse tikuikumbuka kolera ya mu 2022 ndi 2023 imene inatenga anthu oposa 1,700. Wosapeza amayambitsa kaphala kamadzimadzi mwana ali ndi miyezi 3, m'mimba musanakhwime, kutsegula m'mimba n'kuyambika. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu anapeza kuti mu 2010 ana 71 pa 100 aliwonse osakwana miyezi 6 ankayamwa bere lokha, koma pofika 2015 ndi 2016 anatsika kufika pa 61, ndipo ana 37 pa 100 osakwana zaka 5 anali opinimbira. Zifukwa zake n'zambiri, ntchito yolembedwa n'chimodzi chabe. Komabe n'zosamveka kuti tiziphunzitsa amayi chinthu chimene lamulo lathu lomwe likuwalepheretsa kuchita.

Ndikamalankhula zimenezi pamapezeka wina wonena kuti amayi athu ankalima ndi mwana kumbuyo osadandaula, atsikana a lero mwangofewa. Amayi athu anavutika, ndipo a kumudzi akuvutikabe kuposa ife, zimenezo sinditsutsa. Koma onani bwino zimene zinkachitika kumunda. Mwana ali pa mbereko kapena pamthunzi m'mphepete mwa munda. Akalira, mayi aika khasu pansi, amuyamwitsa, apitiriza. Palibe womulembera kalata yochenjeza. Pobwerera kumudzi akupeza amayi ake, achemwali ake, ang'ono ake, makamaka kwathu kuno kumene mwamuna amapita chikamwini ndipo mkazi amalera ana pakati pa abale ake. Mwana ankadutsa m'manja ambiri dzuwa lisanalowe. M'tauni manja amenewo kulibe. Agogo amabwera kudzasambitsa mwana, amakhala mpaka mchombo utagwa n'kupitirirako mwezi umodzi kapena iwiri, koma mitambo ikayamba kusonkhana mtima wawo uli kumunda, ndipo m'pomveka: chimanga chimene adzatitumizire chichokera komweko. Banki, fakitale ya ku Kanengo, wodi ya chipatala, sitolo ya ku Limbe, sizilola mbereko. Ntchito ya mayi tinaichotsa pamene pali mwana, koma mudzi umene unkamugwirira mwanayo unatsala kumudzi.

Apa m'pamene pamalowa foni ija tonse timaidziwa. "Amayi, ndipezereniko kamtsikana kumeneko, tchuthi changa chikutha." Pasanathe sabata watsika basi ku depoti ndi jumbo ya zovala. Ali ndi zaka 14 kapena 15, analekezera Sitandade 6, ndi mwana wa msuweni wa amayi kapena wa mayi wina wamasiye wa kutchalitchi. Lonjezo limakhala lakuti tidzamulowetsa sukulu konkuno. Koma apita nthawi yanji kusukuluko, popeza chimene tamuitanira n'chakuti azikhala pakhomo pamene ife kulibe? Chaka chimatha tikuti chaka chamawa. Amadzuka nafe limodzi, amagona ife titagona, pa mphasa pabalaza kapena kukhitchini. Ana timawaphunzitsa kumutchula kuti anti, pamene iye ndi mwana mnzawo. Timamusiyira khanda la masabata 8, wamkulu wosakhazikika, mbaula ya moto, nyemba pamoto ndi zochapa mulu, n'kumayembekezera kuti madzulo tipeza zonse zili m'malo mwake. Mwana akagwa pampando, akapsa ndi phala, akalowa liwombo chifukwa chotsegula m'mimba, timamukalipira ngati munthu wamkulu amene anaphunzira zolera ana. Malipiro ake mwina timatumiza kwa amake kumudzi, mwina timangoti akudya ndi kugona pompano. Ndipo sitikonda kunena zimene zimawachitikira atsikana ena otere m'nyumba zathu masana, bambo kapena mlamu akabwerako msanga. Mimba ikaoneka amene amakwezedwa basi ndi mtsikanayo.

Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka 14 mpaka 18 sayenera kugwira ntchito yomulepheretsa sukulu kapena yomuwonongera thanzi. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Timadziwa. Timadziwanso kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Komabe ife amayi amene sukulu inatitulutsa mu umphawi tikupita kuntchito chifukwa mwana wa mayi wina wasiya sukulu kuti atigwirire ana. Zimandipweteka kulemba zimenezi, ndipo sindikulembera kunyoza mayi aliyense. Mphunzitsi wa kupulayimale kapena wogulitsa mu shopu, akachotsa lendi, thiransipoti ndi ufa, satsala ndi yolipira mlezi wamkulu pa mlingo umene boma limalengeza. Ndipo ngakhale atamupeza mlezi wamkuluyo, nayenso ndi mayi. Akamachoka ku Mtandire kapena ku Ndirande m'mamawa kudzalera ana athu, ake wawasiyira yani? Wawasiyira mwana wake wamkazi woyamba, amene lero kusukulu sapita. Tsatani njira iliyonse, kumapeto kwake mukapeza mtsikana wamng'ono atabereka mwana amene si wake.

Abambo, nkhaniyi ndi yanunso, ndipo ndikupemphani musaiwerenge ngati ya azimayi. Masabata 2 aja alipo; ndi angati mwa inu anawapempha? Mwa amene anawatenga, ndi angati anawathera pakhomo akuchapa matewera ndi kusambitsa wamkulu, osati kukayang'anira amisiri ku puloti? Ndikudziwa chimene chimakubwezani. Mwamuna akaoneka atabereka mwana kapena akuyanika matewera pa chingwe, anzake amati anamudyetsa khuzumule, ndipo nthawi zina oyamba kuseka ndi azimayi anzathu, ngakhale amayi ake omubereka: "Mwana wanga sindinamulerere zimenezo." Apongozi, ndi ulemu wonse, mtengwa wanuyo naye waweruka 5 koloko ngati mwana wanu, wakwera minibasi yomweyo, ndipo malipiro ake ndi amene akulipira fizi ya adzukulu anu. Bambo sangayamwitse, koma palibe chomuletsa kudzuka usiku kumunyamula mwana akayamwa kuti ageye, kuperekeza wamkulu ku nazale, kupita naye kusikelo, kapena kukhala woyamba kuimbiridwa mwana akatentha thupi. Lero foni imeneyo imalira kwa mayi. Ndiye amatsanzika kuntchito, ndiye amagona pansi m'wodi ya ana malungo akavuta, ndiye amathera tchuthi chake cha pachaka pa matenda a ana, ndipo chaka chikatha ndiye amene abwana amati ndi wosadalirika, n'kukweza mnyamata amene analowa ntchito pambuyo pake. Ku Zambia lamulo lawo la mu 2019 limapatsa wantchito, mwamuna kapena mkazi, masiku 7 pa chaka odwazika mwana kapena mnzake wa m'banja. Kuno mwana akadwala umangodalira mtima wa abwana.

Olemba ntchito nawo ali ndi mfundo, ndipo si yopanda pake. Kuno malipiro a mayi amene ali pa tchuthi chochira amachokera m'thumba la womulemba yekha. Kampani yaikulu siimva kuwawa. Koma mwini saluni, sukulu yapulaiveti ya makalasi anayi, kapena famase ya antchito atatu, ayenera kulipira amene kulibe n'kulipiranso wogwirizira. Mukangowonjezera masabata osasintha kochokera ndalama, iye adzachita zimene ena akuchita kale: kumufunsa mtsikana pa intavyu ngati ali pabanja ndi kuti akuganiza zobereka liti, kumupatsa kontirakiti ya miyezi 3 imene saiwonjezeranso mimba ikaoneka, kapena kungolemba amuna okhaokha. Kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba ndi mlandu, ndipo mayi akhoza kukadandaula ku leba kapena ku khoti la za ntchito. Koma amene ali ndi khanda kumbuyo ndi lendi yosalipira alibe miyezi yoyendera mlandu.

Mantha amenewa asatichititse kukakamira pa masabata 8. Chofunika n'kuchotsa katunduyu pamutu pa wolemba mmodzi kuti tisenzerane tonse. Ku South Africa mayi amapuma miyezi 4, ndipo ndalama amalandira kuchokera ku thumba la UIF, limene wantchito ndi womulemba amaponyamo 1 peresenti ya malipiro aliyense mwezi ndi mwezi. Sizikhala malipiro onse, koma zimamufikitsa. Wina anena kuti South Africa ndi dziko lolemera. Chabwino, Rwanda inakhazikitsa thumba la amayi ochira mu 2016, wantchito 0.3 peresenti, womulemba 0.3 peresenti, amuna ndi akazi omwe. Aliyense akamaponyamo, mantha olemba mkazi amachepa. Kwa ifenso njirayi si yachilendo. Timadula kale za penshoni, 5 peresenti kwa wantchito ndi 10 kwa womulemba, ndipo makampani amapereka 1 peresenti ya TEVET yophunzitsira ntchito zamanja. Ngati tinavomereza kuti kuphunzitsa mmisiri ndi udindo wa tonse, miyezi yoyamba ya mwana amene adzakhale mmisiriyo ingakhale bwanji ya amake okha? Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linaika masabata 14 ngati poyambira, ndipo limalimbikitsa 18. Zambia ili pa masabata 14, Zimbabwe pa masiku 98, Mozambique pa masiku 90. Ife tili pansi pa onsewa.

Ndiye pali mawu aja akuti kamodzi pa zaka 3. Owateteza amati amalimbikitsa kulera. Kutalikitsa ana n'kwabwino, achipatala amalangiza kudikira zaka 2 usanatenge pathupi pena, ndipo ine ndimauza ang'ono anga zomwezo. Koma njira zolera nthawi zina zimalephera, jakisoni amasowa pachipatala, ndipo si mkazi aliyense amene ali ndi mawu kuchipinda kwake. Taganiziraninso za mayi amene anachira, natenga tchuthi chake, mwana n'kumwalira ali ndi miyezi iwiri. Chaka chotsatira Mulungu wamupatsa wina. Lamulo likuti masiku anu munatenga kale. Abwerere kuntchito asanalimbe, apo ayi akhale kunyumba wopanda malipiro, pa nthawi imene akufuna ndalama koposa. Khanda lobadwa patatha miyezi 20 limafuna bere chimodzimodzi ndi lobadwa patatha miyezi 40, ndipo silinasankhe tsiku lake lobadwa. Mawu amenewa achotsedwe basi.

Zonse ndanenazi zikukhudza amayi ochepa, ndikuvomereza. Kafukufuku wa za ntchito wa mu 2013 anapeza kuti anthu 89 pa 100 ogwira ntchito m'Malawi muno anali pa ntchito zopanda kalata, zopanda penshoni, zopanda tchuthi. Wogulitsa tomato, wa kaunjika ku Tsoka, wa mandasi, woluka tsitsi, wa kakhumbi ka Airtel Money kapena Mpamba, wa ganyu yochapa: awa masabata 8 omwewo sawadziwa. Mchombo ukangogwa wabwerera pa benchi, chifukwa ndalama ya geni ikadyedwa siwukanso ndipo ngongole ya banki m'khonde siidikira munthu. Pa kuyamwitsa iye ali bwinoko kuposa wa mu ofesi, mwana ali naye pomwepo. Vuto lake limayamba mwana akayamba kukwawa. Pitani mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe masana, muyang'ane pansi pa mabenchi. Mupeza ana a chaka chimodzi, ziwiri, atagona pa katoni, ena akuseweretsa madzi a mu ngalande, chiwaya cha mafuta otentha chili poteropo, njinga zamoto zikudutsa. Mayi diso lina kwa kasitomala, lina kwa mwana, mpaka dzuwa kulowa.

Makhonsolo amadula matikiti m'misika imeneyi tsiku lililonse. Chingavute n'chiyani kupatula chipinda chimodzi pa msika waukulu uliwonse, chokhala ndi madzi, chimbudzi, mphasa ndi alezi ophunzitsidwa olandira pamwezi, mayi n'kumaperekako kangachepe patsiku? Akamuuza kuti mwana wadzuka, angodutsa mizere iwiri kukayamwitsa. Sukulu za mkombaphala zimene zili m'madera mwathu zachita zazikulu, koma zambiri zimalandira ana a zaka 3 mpaka 5, zimaweruka dzuwa lisanafike pamutu, ndipo alezi ake ambiri ndi ongodzipereka. Ntchito yake n'kukonzekeretsa mwana sukulu, osati kumusunga mpaka amake ataweruka. Wa miyezi ingapo mpaka zaka 3, msinkhu umene umafuna maso kwambiri, alibe kopita pokhapokha makolo ake atakhala ndi ndalama za nazale zodula. Mipingo nayo ili ndi maholo amene amakhala otseka masiku ambiri pakati pa sabata, pakati penipeni pa malokeshoni. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika, amayi a Chikatolika ndi a Chisilamu, ndinu amene mumafika msanga pa maliro ndi pa chikuta. Mphamvu zomwezo zikhoza kutsegula holo imodzi kuti izilandira ana a m'dera lanu, alezi ake n'kumalandira malipiro enieni, osati zikomo wa pakamwa.

Kwa amene amati ngati zikuvuta mayi angosiya ntchito alere ana ake, ndikufunseni: mukagonekedwa m'chipatala usiku, amene amadzakuikani diripu ndani? Amene akuphunzitsa mwana wanu kuwerenga ndani? Namwino amene m'mawa uja amatiphunzitsa za miyezi 6, iye mwini wasiya wa miyezi 3 kunyumba, ndipo sabata yamawa ali pa naiti. Komanso pafupifupi nyumba 3 pa 10 zilizonse m'dziko muno mutu wake ndi mayi. Akasiya ntchito moto suyaka. Ngakhale pamene bambo alipo, ndi nyumba zingati m'tauni zimene zingayende ndi malipiro a munthu mmodzi masiku ano? Ndipo alipo amayi amene ntchito yawo amaikonda, anaivutikira zaka zambiri kusukulu, ndipo sayenera kupepesa kwa wina aliyense chifukwa cha zimenezo.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inaonetsa kuti lamuloli likhoza kusinthidwa. Lisinthidwenso. Mabungwe a apantchito pansi pa bungwe lawo lalikulu la MCTU akamakambirana ndi boma ndi olemba ntchito za malipiro ochepetsetsa, nkhani ya masabata 14 ndi thumba lolipirira ikambidwe limodzi. Unduna wa Zaumoyo, umene umasunga ziwerengero za ana opinimbira, ukhale woyamba kuuza Unduna wa Zantchito kuti mauthenga awo akutsutsana. Ndipo aphungu achizimayi asasiyiridwe okha nkhaniyi, aamuna nawonso ali ndi ana ndi adzukulu.

Koma abwana amene mukuwerenga, inu musachite kudikira aphungu. Pa ofesi panu pali kachipinda kosungiramo mafayilo akale ndi mipando yothyoka. Kasesedwe, muikemo mpando, loko ya mkati ndi kafiriji kapena kula bokosi. Mayi amene wabwerera kumene muloleni, kwa miyezi inayi yotsalayo, aziyamba mochedwerako kapena kuweruka msanga. Musamutume ulendo wokagona ku Nsanje sabata yathunthu. Tsiku la sikelo lizidziwika kale kuti kulibe, asachite kubwera kudzagwada. Ndipo mayi mnzanga amene tchuthi chanu chikutha Lolemba likudzali, theka la ola kawiri pa tsiku ndi lanu mwalamulo. Mulipemphe polemba kalata, musunge kope yake, ndipo akakukanizani mupite nayo ku leba.